Za dzina la mdzukulu wanga, Tumadir

Achemwali anga okondedwa,

Assalamu alaikum. Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko ku Leicester pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno ku Mangochi tili bwino, koma dzuwa la Okutobala latiwamba, moti usiku tikumagona pakhonde. Mango a mumtengo wa kuseri kwa khitchini uja ayamba kupsa, ndipo ana a m'mudzi muno ayamba kale kuwagenda.

Uthenga wanu wa mawu uja ndaumvetsera katatu. Ndamva chimwemwe chanu poona chithunzi cha khanda, ndamvanso nkhawa yanu pomwe munati, "Koma asisi, ndafufuza pa intaneti, akuti dzinali likukhudzana ndi mkaka wosasa. Mwana wokongola chonchi mwamutcha chambiko?" Ndinayesa kukuyankhani pafoni pompo, koma ndinafufuta kawiri, chifukwa nkhaniyi ndi yaitali ndipo ili ndi mbali ina imene sindingathe kuinena ndi pakamwa popanda mawu kunditsamwa. N'chifukwa chake ndakhala pansi kuti ndilembe, monga tinkalemberana kale muli ku Blantyre.

Ndiyambe ndi kukuuzani kuti inenso poyamba dzinali ndinalikana. Mumtima mwanga ndinali nditakonza kale kuti mdzukulu wanga woyamba wamkazi adzatenga dzina la malemu mayi, ndipo ndinkaona ngati aliyense akudziwa zimenezo. Pa tsiku la akika, mwambo wotcha mwana dzina atakwanitsa masiku 7, tinapha mbuzi imodzi monga mwa lamulo la mwana wamkazi, tinamumeta katsitsi kake kofewa kaja, mpunga uli pamoto, azimayi tili pamphasa kuseri. A shehe atafunsa dzina, mwana wanga anayankha momveka bwino kuti Tumadir. Kunangoti zii. Azakhali ake, aja samva bwino khutu limodzi, anandikodola n'kufunsa, "Akuti Fatuma?" Wina kumbuyo anati, "Akuti atume ndani?" Ine sindinaseke nawo. Ndinadzuka n'kukalowa m'nyumba ngati ndikukatenga mbale, ndipo ndinakhala momwemo mpaka misozi itauma.

Madzulo ake anthu atabalalika, mnyamatayo anabwera n'kukhala pansi pafupi ndi ine, n'kundifotokozera. Mukukumbukira kuti anakhala zaka zingapo ku Khartoum akuphunzira pa International University of Africa. Akuti panja pa sukulupo panali mayi wina wogulitsa tiyi, mmodzi wa amayi ambirimbiri amene amakhala pamthunzi m'misewu ya mzindawo ndi kambaula ka makala, timabotolo ta zonunkhiritsa ndi timipando tating'ono. Chaka chimene ife kuno zinativuta, ndalama osatumiza miyezi itatu, mayiyo ndi amene ankamupatsa tiyi ndi zitumbuwa za kumeneko m'mawa uliwonse, osalemba ngongole paliponse. Atadwala malungo anamutumizira phala ku chipinda chake kudzera mwa mwana wawo. Dzina la mayiyo linali limeneli. Nkhondo itayamba mu Khartoum pa 15 Epulo 2023, nambala yawo inasiya kugwira, ndipo mpaka lero sadziwa ngati ali moyo. Anandiuza kuti, "Amayi, ndilibe china chimene ndingawabwezere." Apo mkwiyo wanga unatha, koma chikondi pa dzinalo chinali chisanabwere. Chinabwera pambuyo pake, nditayamba kufunsa ndi kuwerenga.

Tsono za chambiko zija simunaname. M'Chiarabu mawu ambiri amaphuka pa muzu wa zilembo zitatu, ndipo muzu wa dzinali ndi m, d ndi r. Pa muzu umenewu pamachokera mawu akuti madir, onena mkaka umene wayamba kusasa n'kumaluma lilime, komanso madira, chakudya cha nyama yophikidwa mu mkaka wotero. Mu dikishonale yaikulu ya Chiarabu yotchedwa Lisan al-Arab, imene Ibn Manzur anamaliza kulemba mu 1290, dzinali lili momwemo pansi pa muzu umenewu, ndipo akutchula katswiri wakale Ibn Durayd, amene anamwalira mu 933, kuti iye ankaliona ngati lochokera ku mkaka wosasawo. Pamenepo palibe chobisa.

Koma taganizani, achemwali, kuti mkaka unali chiyani kwa anthu a m'chipululu. Analibe nyanja ngati yathuyi, analibe munda wa chimanga kapena chinangwa. Moyo wawo unali pa ngamila, nkhosa ndi mbuzi, ndipo m'kutentha kumene kuja mkaka wosasa ndi umene unkasungika, ndi umene mlendo ankalandiridwa nawo. Chinanso, chinthu choyera kwambiri chimene maso awo ankaona tsiku ndi tsiku chinali mkaka womwewo. N'chifukwa chake muzu womwewu umanenanso za kuyera ndi kuwala kwa nkhope, ndiponso za chinthu chanthete, chachiwisi, chimene sichinafote. Kholo lalikulu la mafuko ambiri a Aarabu a kumpoto, kuphatikizapo Akuraishi, fuko la Mtumiki Muhammad, dzina lake linali Mudar, la muzu womwewu, ndipo akale ankati anatchedwa choncho mwina chifukwa cha kuwala kwa khungu lake, mwina chifukwa chokonda mkaka wosasa. Masamba a pa intaneti amene amangolemba kuti dzinali likutanthauza "wowala" akunena theka la nkhani, ndipo amene anakuuzani za chambiko ananena theka linalo. Ine ndimakonda mbali zonse ziwiri zikakhala pamodzi. Ifenso tili ndi ana otchedwa Mavuto, Masiye ndi Nyamazao, ndipo palibe amene amaganiza kuti makolo awo sankawakonda. Poyerekeza ndi amenewo, kutchedwa dzina la chakudya chimene chinkasunga anthu ndi moyo si chipongwe.

Komabe chimene chinandigwira mtima si tanthauzo ayi, koma mayi wina amene anali ndi dzinali zaka 1,400 zapitazo. Mwina munamumvapo ku madarasa ndi dzina lakuti al-Khansa, mlakatuli wamkazi wotchuka kuposa onse m'Chiarabu chakale. Ine ndinkamudziwa ndi dzina limenelo basi. Sindinkadziwa kuti al-Khansa ndi dzina longomupatsa, lonena za mphuno yaifupi yoyang'ana m'mwamba ngati ya insa za m'chipululu, nyama zimene Aarabu ankafanizira nazo mkazi wokongola. Dzina limene makolo ake anamutcha linali Tumadir bint Amr, wa fuko la Sulaym, wobadwira ku dera la Najd ku Arabia cha m'ma 575. Dzina lachibwana linakula mpaka kuphimba dzina lenileni, moti lero kuli masukulu ndi misewu yotchedwa al-Khansa m'mayiko a Aarabu, koma ambiri odutsa pamenepo sangakuuzeni kuti mwini wake anali Tumadir.

Anali mkazi wodziwa chimene akufuna. Amati mkulu wina wotchuka, Durayd ibn al-Simma, amene anali mlakatuli komanso mtsogoleri wa nkhondo, anamuona tsiku lina akupaka phula ngamila za mphere, manja ali bii, n'kumukonda pomwepo. Anapita kukamufunsira kwa bambo ake. Bambowo anati mwana wawo ali ndi maganizo akeake, ayenera kufunsidwa yekha. Iye anakana, ponena kuti sangasiye anyamata a fuko lake n'kukwatiwa ndi nkhalamba. Mkuluyo anapweteka mtima mpaka kumupekera ndakatulo. Ndikamaganiza kuti zimenezi zinachitika Chisilamu chisanafike, m'nthawi imene ena ankakwirira ana aakazi amoyo, ndimaona kuti bambo ameneyo anali munthu wapadera.

Anali ndi alongo awiri, Mu'awiya ndi Sakhr. Mu'awiya anaphedwa ndi anthu a fuko la Murra cha m'ma 612. Sakhr, amene dzina lake limatanthauza thanthwe, anabwezera imfa ya mbale wakeyo, koma pambuyo pake nayenso analasidwa ndi mkondo m'nthiti pomenyana ndi fuko la Asad. Sanafe pomwepo. Anagona pamphasa pafupifupi chaka chathunthu bala likunyeka, mpaka mkazi wake anatopa. Amati munthu wina atafunsa za odwalayo, mkaziyo anayankha kuti si wamoyo woti n'kumuyembekezera, si wakufa woti n'kumulira, ndipo Sakhr anamva ali m'kati. Anamwalira cha m'ma 615.

Kulira maliro ndi ndakatulo inali ntchito ya akazi kumeneko, monga momwe kubuma kulili kwathu kuno. Mkazi ankanena mizere iwiri itatu, maliro n'kutha. Koma Tumadir sanaleke. Analira Sakhr zaka ndi zaka, ndipo ndakatulo zake zambiri zimene zatsala ndi za mlongo wakeyo. Mu ina amanena kuti dzuwa likamatuluka limamukumbutsa Sakhr, likamalowanso amamukumbukira, ndipo kuti pakanapanda kuona anthu ena omuzungulira akulira abale awo, akanadzipha. Mu ina amamufanizira ndi phiri limene pamwamba pake pakuyaka moto, loti apaulendo aziliona n'kudziwa njira. Ku msika wa Ukaz, pafupi ndi Ta'if, kumene alakatuli ankapikisana chaka ndi chaka, woweruza anali al-Nabigha, amene ankakhala mu tenti yofiira yachikopa. Amati atamumva anamuuza kuti pakanapanda mlakatuli wina, al-A'sha, kulakatula iye asanabwere, akanamutcha wopambana onse.

Nanga n'chifukwa chiyani ankamulira chotere, pomwe Sakhr anali mlongo wa bambo mmodzi, mayi osiyana? Yankho lake lili m'nkhani imene akuti anauza mayi Aisha, mkazi wa Mtumiki, atamufunsa chifukwa chake ankavalabe chovala chokalabadza chaubweya chosonyeza maliro. Anati mwamuna wake anali womwaza chuma. Zinthu zikatha m'nyumba, iye ankapita kwa Sakhr, ndipo Sakhr ankagawa ziweto zake pakati n'kumuuza kuti asankhe gawo labwino. Mwamunayo ankamwazanso, iye n'kubwereranso, Sakhr n'kugawanso, osati kamodzi kapena kawiri. Mkazi wa Sakhr atadandaula kuti bwanji osangomupatsa zotsalira, Sakhr anayankha kuti sangapatse mlongo wake zoipa, pakuti iye akadzafa mlongo wakeyo ndi amene adzang'ambe mpango wake n'kuvala chaubweya. Tumadir anavala chaubweyacho kuti mawu a mlongo wake asagwe pansi.

Achemwali, nditafika pamenepa ndinatseka foni. Inu mukudziwa chifukwa chake. Munalipo pamene achimwene ankapalasa njinga kuchokera ku Makawa ndi dengu la usipa kumbuyo, kukagulitsa kuti ine ndisachotsedwe sukulu. Munalipo chaka chimene bambo a ana anga anapita ku Joni n'kukhala chete, achimwene n'kubwera ndi matumba awiri a chimanga pa anayi amene anakolola, alamu akuyang'ana kumbali. Sanandifunsepo kuti ndidzabweza liti. Ankangoti, "Mbumba ndi yanga, ikagona ndi njala anthu adzaseka ine." Zaka 9 zapita chimwalirireni, koma mpaka lero ndikamva belu la njinga pa msewu nthawi ya swala ya Asr, dzuwa litapendeka, mutu umatembenuka wokha. Sindinawapekere ndakatulo, sindidziwa kupeka kwake. Ndinangodabwa kupeza kuti mkazi wa ku Najd, amene sanaonepo nyanja yathu kapena kumva za mwinimbumba, ananena ndendende zimene zakhala pachifuwa panga. Anthu amamvetsa mkazi akamalira mwamuna wake kapena mwana wake, koma ukamalira mlongo zaka zambiri amayamba kukuuza kuti zakwana. Iye sanavomere kuti zakwana. Kuyambira tsiku limenelo ndikamunyamula mwanayu n'kumutchula dzina, ndimamva ngati achimwene alimo m'dzinamo, ngakhale kuti mwana wanga posankha sankaganiza zimenezo.

Munafunsanso ngati ndi dzina lachisilamu. Mu Qur'an mulibe, koma musadabwe, pakuti mkazi yekhayo wotchulidwa ndi dzina m'buku lonselo ndi Maryam. Fatima, Khadija, Aisha, Zainab, onsewa ndi mayina a Chiarabu amene analipo kale, ndipo anakhala okondedwa chifukwa cha amayi amene anawanyamula. Tumadir nalonso ndi lakale kuposa Chisilamu. Al-Khansa anafika ku Madina ndi anthu a fuko lake cha m'ma 629 n'kulowa Chisilamu, ndipo amati Mtumiki, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, ankakonda kumva ndakatulo zake n'kumamupempha kuti awonjezere. Tikudziwa kuti Mtumiki ankasintha mayina amene sanamusangalatse, monga Barra amene anamutcha Zainab. La Tumadir sanalisinthe. Palinso nkhani yotchuka yakuti ana ake aamuna anayi anafera pa nkhondo ya Qadisiyya cha m'ma 636, m'nthawi ya khalifa Umar, mtsogoleri wa Asilamu, ndipo iye atamva anangothokoza Mulungu. A shehe amaikonda kwambiri nkhani imeneyi pa ulaliki, ngakhale akatswiri ena a mbiri amaikayikira. Ine imandivuta kuimeza mosavuta, chifukwa sindikhulupirira kuti mtima umene unalira mlongo zaka makumi ungaume pa ana anayi. Ngati zinachitikadi, ndiye kuti analira m'njira imene olemba mbiri sanaione.

Panalinso Tumadir wina m'nthawi yomweyo, mwana wa al-Asbagh, mfumu ya fuko la Kalb ku Dumat al-Jandal. Anakwatiwa ndi Abd al-Rahman ibn Awf, mmodzi wa maswahaba, anzake a Mtumiki, olemera kwambiri, ndipo mwana wawo Abu Salama anadzakhala katswiri wa malamulo a chipembedzo ku Madina. Mwamuna wake anamusudzula ali pa matenda amene anamwalira nawo, koma Uthman, amene anali khalifa pa nthawiyo, anagamula kuti alandirebe gawo lake la chuma cha masiye. Mpaka lero ophunzira malamulo a chuma cha masiye amadutsa pa mlandu umenewu. Ndikaona amayi amasiye kuno akulandidwa ndi mbale zomwe, ndimalakalaka nkhani ya mayi ameneyu ikanamanenedwa kawirikawiri m'mizikiti mwathu.

Za kutchuka kwake, ndinganene kuti ndi dzina losowa ngakhale kwa eni ake. Limamveka ku Sudan, ku Egypt, ku Saudi Arabia ndi ku Iraq, koma silifika n'komwe pafupi ndi Fatima kapena Maryam, ndipo mwana wanga akuti achinyamata a ku Khartoum ankaliona ngati dzina la amayi akuluakulu. Ku Egypt kunali mayi wina wotchuka pa wailesi ndi kanema, Tomader Tawfik, amene anafika potsogolera kanema wa boma. Ku Saudi Arabia, mu Febuluwale 2018, Tamader al-Rammah anasankhidwa kukhala wachiwiri kwa nduna ya za ntchito. Mwaona kuti aliyense akulemba mosiyana. Chifukwa chake n'chakuti m'Chiarabu dzinali ndi zilembo 5 zokha, ta, mim, alif, dad ndi ra, ndipo timawu tatifupi ta pakati sitilembedwa masiku onse, choncho wina amati Tumadir, wina Tamadur, wina Tomader, malinga ndi kalankhulidwe ka kwawo. Mukamafufuza yesani onsewo.

Kwathu kuno sindinakumanepo ndi wina wa dzinali, ndipo a shehe athu, amene adalitsa ana osawerengeka, akuti n'koyamba kulitchula pa akika. Sizodabwitsa. Mayina athu achisilamu anabwera ndi amalonda a Chiswahili kudzera ku Kilwa ndi ku Zanzibar, kufika ku Nkhotakota kwa Jumbe ndi kwa mafumu a Chiyao monga Makanjira ndi Mponda m'zaka za m'ma 1800. Anabwera ochepa, a m'banja la Mtumiki ndi a aneneri, atasulidwa kale ndi lilime la kugombe: Fatuma, Mariamu, Zainabu, Amina, Halima, Asiyatu. Mayina a m'ndakatulo zakale sanakwere nawo zombo zimenezo. Akubwera tsopano ndi ana athu amene apita kukaphunzira kunja.

Vuto limene latsala ndi katchulidwe. Chilembo chachinayi chija, dad, n'cholemera, chimatuluka lilime litadzaza m'kamwa, ndipo Aarabu amachinyadira mpaka kutcha chinenero chawo kuti chinenero cha dad. Ife tilibe. Komanso pakamwa pathu sipalola mawu kuthera pa r, ndiye mwanayu wasanduka kale Tumadiri, ena Tumadili. Izo sizindivuta, ndi momwe Zainab anakhalira Zainabu. Chimene ndikulimbana nacho ndi "Tuma". Ana a m'nyumba muno ayamba kale, ndipo aliyense womva amaganiza kuti ndi Fatuma wofupikitsidwa. Tsiku loyamba kupita naye kusikelo, wolemba makadi analemba Fatuma osafunsanso kachiwiri. Mpongozi wanga, poti ndi wamanyazi, anangolandira. Ndinabwerera naye ine mawa lake, ndinaima pamzere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa lili pamutu, n'kutchula chilembo chimodzichimodzi mpaka analemba bwino. Mlakatuli uja anataya dzina lake chifukwa cha dzina lachibwana, ndipo mayi wa tiyi uja mwina sitidzamvanso za iye. Sindikufuna kuti dzinali lisowenso kachitatu m'nyumba mwanga momwe.

Dzina la malemu mayi silinatayike, musadandaule. Mpongozi wanga anabwera yekha kudzandiuza kuti likhala lachiwiri, ndipo talembetsa onse awiri pa chikalata cha kubadwa.

Ndili ndi pempho limodzi. Munanena kuti pa msewu wanu pali mayi wa ku Sudan amene mumapita naye ku mzikiti. Mukakumana Lachisanu, mum'pemphe atchule dzinali pang'onopang'ono kawiri kapena katatu, mujambule mawuwo pafoni munditumizire. Mwana wanga amalitchula bwino, koma ndikufuna kulimva pakamwa pa mkazi wa kumeneko, momwe mayi angaitanire mwana wake kuti abwere kudzadya. Mum'funsenso ngati kwawo kuli kafupikitsidwe kake kachikondi, kuti ndipatse ana a m'nyumba muno m'malo mwa "Tuma" ameneyu.

Mwanayo pano wagona pamphasa pambali panga, nkhonya zili m'mwamba, thukuta lili mphumi yonse. Wayamba kutsata mawu ndi maso. Mupereke moni kwa alamu ndi ana onse, ndipo mundiuze ngati bondo lija lasiya kuvuta ndi kuzizira kwayambako.

Wassalam,

Ine mnzanu wa kalekale,
Agogo ake a Tumadir